NDARAMA ZA ULIMI ZIRIPO, KOMA ZITSATA GULU LOKONZEKA

Awa ndi mau amene Mlembi wa Cigawo analankhula kwa alimi ndi atsogoleri a nthambi za Cipani pa msonkhano wa ku Chongwe. Tawasindikiza onse kuti nthambi iri yonse iwawerenge kwa anthu ace.

Kwaca! Ngwee!

 Tipereka ulemu kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, mwini wace wa dziko lino la Asoli limene tasonkhanapo.

Funso limene nthambi zathu zitumiza ku ofesi kawirikawiri ndi ili: Kodi ndarama zokuzira ulimi tikazipeza kuti? Timva pa wailesi kuti Boma lagawa, timva kuti mabungwe a kunja agawa, koma m'mudzi mwathu sizifika. Lero ndabwera kudzayankha funso limeneli poyera. Ndarama ziripo. Koma dziwani kuti ndarama zimenezi sizifunafuna munthu wosauka koposa anzace, kapena wofuula koposa pa msonkhano. Zitsata gulu lokonzeka, lokhala ndi mapepala ace, lodziwa cinthu cimodzi cimene lifuna kucita, ndi lokhala ndi kanthu kace m'manja. Tsono nchito yathu ndiyo kukonza magulu otere m'wodi iri yonse ya Chongwe.

MITUNDU ITATU YA NDARAMA

Poyamba tisiyanitse zinthu, pakuti apa ndi pamene anthu ambiri agwera m'mbuna. Ndarama zothandiza ulimi ziri za mitundu itatu.

Mtundu woyamba ndi thandizo losabweza, limene m'maofesi alicha grant. Mukalandira simubweza, koma muyenera kuzigwiritsa pa nchito yomweyo imene munalemba popempha, ndi kuonetsa marisiti ace. Mtundu waciwiri ndi nkhongole. Iyi mubweza pamodzi ndi ciongoladzanja, mvula igwe kapena isagwe. Mtundu wacitatu ndi thandizo logawana mtolo, pamene mwini ndarama anena kuti, ikani gawo lanu poyamba, ine ndiikepo langa.

Munthu ali yense asanasaine kapena kudinda cala pa pepala, afunse kuti: Kodi izi ndi ziti mwa zitatuzi? Musacite manyazi kufunsa kalaliki kawiri kapena katatu. Safunsa anadya phula.

MMENE ZINALIRI M'NTHAWI YA ATSAMUNDA

Ana athu obadwa m'ufulu ayenera kudziwa kumene tacokera. M'zaka za 1928 ndi 1929 Boma la atsamunda linadula malo a anthu akuda amene linawacha Native Reserves, ndipo nthaka yabwino ya m'mbali mwa njanji inasungidwira azungu. Asoli adziwa bwino nkhani imeneyi, pakuti mzinda wa Lusaka, umene unakhala likulu mu 1935, uima pa dziko lao.

Mu 1936 bungwe la Maize Control Board linayamba nchito. Msika wa cimanga wa m'dziko muno linaugawa panai: magawo atatu a alimi acizungu owerengeka, gawo limodzi lokha la alimi akuda onse. Thumba la munthu wakuda linagulidwa pa mtengo wotsika. Itatha nkhondo yaciwiri, mu 1946, anayamba ku Southern Province cimene anacicha African Improved Farming Scheme, ndipo pambuyo pace cinafikanso m'cigawo cathu. Mlimi amene anatsata malamulo a mlangizi, monga kusinthasintha mbeu, kuthira manyowa ndi kupanga mizere yochinga madzi, analandira bonasi. Koma bonasi imeneyo inacokera kuti? Inacokera pa ndarama zimene anadula pa thumba liri lonse la cimanga ca anthu akuda. Odulidwa anali ambiri, olandira anali owerengeka. Ndipo pamene Land Bank inatsegulidwa mu 1953, caka cimene anatikakamiza Citaganya, inakongoza munthu wokhala ndi kalata ya umwini wa malo. Kodi m'Reserve munali munthu wa kalata yotere? Munalibe.

Gwirani mfundo iyi, abale anga. Thandizo limene Boma lipereka licokera m'thumba mwanu momwe, kalelo ndi lero lomwe. Mukagula sopo, mukagula mafuta a galimoto, mukagula mayunitsi a foni, mulipira msonkho. Kusiyana kwace ndi kwakuti kalelo munalibe mau pa ndarama zanu, koma lero muli ndi ufulu wa kupempha, wa kufunsa, ndi wa kuona maina a olandira. Ufulu umenewo unagulidwa ndi ndende ndi mwazi. Musautaye ndi ulesi wa kulemba.

PHUNZIRO LA 1965

Ufulu unadza pa 24 October 1964. Mu January 1965, pa msonkhano waukulu wa ku Chifubu ku Ndola, Dr. Kenneth Kaunda anaitana anthu kuti apange makopaletivu, nawauza kuti Boma liri nazo ndarama zowathandiza. Magulu anaphuka ngati bowa. Boma linalipira mapaundi 15 pa ekala iri yonse yozulidwa zitsa, linatumiza matalakitala, ndipo mu 1966 linakhazikitsa Credit Organisation of Zambia kuti mlimi wopanda kalata ya malo akongole. Khomo la ndarama linatsegukira munthu wa m'mudzi.

Nanga cinacitika nciani? Magulu amene anali ndi nchito yeniyeni anapindula. Koma ena anazula zitsa, nalandira mapaundi ao, nasiya munda kuti ubwerere chire, cifukwa cimene anafuna cinali mapaundi, osati munda. Enanso anayesa nkhongole ndi mphatso ya ufulu, nakana kubweza. Pofika 1970 bungwe lija linali litagwa ndi mamiliyoni osabwezedwa, ndipo Agricultural Finance Company inalowa m'malo mwace. Lima Bank, imene inayamba mu 1987, inatsekedwa mu 1997, nkhongole zambiri ziri cikhalire m'manja mwa anthu. Kodi amene analangidwa ndani? Ndi mlimi woona mtima amene anabweza zace zonse, pakuti m'mawa mwace anapeza khomo lotseka, iye ndi ana ace.

Cifukwa cace ndinena kuti gulu lodya thandizo liba kawiri. Liba ndarama za lero, ndipo libanso mwai wa mudzi wonse wa mawa.

KHOMO LOYAMBA: CDF

Tsopano tione makomo amene mungagogodepo. Loyamba, ndiponso lapafupi, ndi thumba la citukuko ca dera la phungu, limene mulidziwa ndi dzina lakuti CDF. Thumba limeneli linayamba mu 1995, ndipo kwa zaka zambiri linali laling'ono. Mu 2021 dera liri lonse linapatsidwa K1.6 miliyoni. Mu 2022 linakwera kufika K25.7 miliyoni, mu 2023 K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 K36.1 miliyoni.

Mukamva mamiliyoni amenewa musayese kuti onse ndi ogawira alimi. Tiyeni tiwerenge pamodzi monga malamulo a 2022 anagawira. Pa K100 iri yonse, K5 inapita ku nchito ya ofesi. Zotsalazo anazigawa motere: magawo 60 pa 100 ku nchito za onse monga sukulu, zipatala, miseu ndi zitsime, magawo 20 ku mafizi a ana a sekondale ndi ophunzira luso la manja, magawo 20 ku magulu a amai, a acinyamata ndi a m'midzi. Pa gawo lomalizali, 60 pa 100 zinali nkhongole, 40 pa 100 ndizo zinali thandizo losabweza. Mukawerenga bwino mupeza kuti pa K25.7 miliyoni ija, thandizo losabweza linali pafupifupi K2 miliyoni. Malamulo omwewo anati gulu limodzi lisalandire koposa K40,000. Kunena kuti gulu liri lonse likadalandira K40,000 yathunthu, magulu olandira sakadafika 50 m'dera lonse m'caka cimeneco.

Taganizani makalabu ndi makopaletivu onse a m'Chongwe, kucokera ku bwalo la ndege kufika ku malire a Rufunsa. Mudzaona kuti uwu ndi mpikisano, ndipo pa mpikisano wotere pepala lolembedwa mosasamala liponyedwa pambali msanga.

Njira yace ndi iyi. Gulu likhale la anthu 10 kapena kuposa, okhala m'dera lino, lolembetsedwa ku Boma, lokhala ndi akaunti ku banki. Pempho liyamba kuperekedwa ku Komiti ya Citukuko ya wodi yanu, imene aicha WDC. Kucokera kumeneko lipita ku Komiti ya CDF ya dera lonse, ndipo akatswiri a ku Khonsolo aliyesa ngati nchitoyo ingatheke. Malamulo amenewa akonzedwa nthawi ndi nthawi, kotero mlembi wa gulu apite yekha ku Khonsolo kukatenga fomu ndi kumva za caka cimeneco, asadalire mphekesera za pa cigayo.

MAKOMO ENA

Khomo laciwiri ndi FISP, thandizo la fetereza ndi mbeu. Linayamba mu 2002 ndi dzina lakuti Fertilizer Support Programme, nilisintha dzina mu 2009. Mu 2015, pamene Boma linayamba kuyesa njira ya khadi yochedwa e-voucher m'maboma 13, Chongwe anali mmodzi wa iwo. Ili ndi thandizo logawana mtolo: kwa zaka zambiri mlimi waika K400, Boma niliikapo zotsala. Dzina lilowa kupyolera m'kopaletivu kapena gulu la alimi ndi kwa mlangizi wa ku kampu. Koma FISP ikupatsani za nyengo imodzi cabe. Sigula pampu, simanga khola, sikumba citsime.

Khomo lacitatu ndi la mabungwe a kunja ogwirizana ndi Boma. Bungwe la IFAD linathandiza nchito yochedwa E-SAPP kuyambira 2017, imene inapereka thandizo logawana mtolo kwa magulu a alimi. World Bank inabvomereza Zambia Agribusiness and Trade Project mu 2016, ndi gawo lace laciwiri mu 2023. Maganizo a nchito zotere ndi akuti alimi ang'onoang'ono agwirizane ndi wogula wodziwika, ndipo akaonetsa pangano la malonda ndi gawo lao la ndarama, athandizidwe kugula zipangizo. Nkhani za nchito zotere zipezeka ku ofesi ya mkulu wa zaulimi wa Boma lino, amene mumucha DACO. Koma kumbukirani kuti nchito iri yonse ya kunja iri ndi tsiku loyamba ndi tsiku lotha. Mu 2025 Boma la America linatseka bungwe lace la USAID, ndipo nchito zambiri m'maiko a Africa zinaima mwadzidzidzi. Gulu limene moyo wace wonse uli m'manja mwa mlendo lifa tsiku limene mlendo amanga katundu.

Khomo lacinai ndi la nkhongole, ndipo ndilichula kuti musasokonezeke. Citizens Economic Empowerment Commission, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006, ikongoza. Thumba la SAFF, limene Boma linayambitsa mu 2023 kupyolera m'mabanki, likongozanso. Nkhongole si mdani kwa munthu wokhala ndi madzi ndi msika, koma kwa munthu wodalira mvula yokha ndi njoka ya m'thumba.

Pali thandizo linanso limene anthu alipeputsa cifukwa silibwera m'envulopu, ndilo nzeru. Ife a Chongwe tiri ndi mwai umene maboma ena alibe. Ku Kasisi ansembe a Cijezuiti anatsegula sukulu ya ulimi mu 1974, ndipo idziwika m'maiko ambiri pa ulimi wa manyowa ndi kompositi wosadalira fetereza wogula. Ku Palabana ndi kwao kwa maphunziro a ng'ombe za mkaka. Ku Kanakantapa, kumene Boma linayamba kukhazika acinyamata pa minda mu 1988 mothandizidwa ndi dziko la Japan, kuli anthu amene aona okha zimene thandizo licita ndi zimene silicita. Gulu limene mamembala ace aphunzirako ku malo otere lilemba pempho lomveka.

ZIMENE GULU LIRI LONSE LICITE

Tsopano alembi a nthambi tengani mapensulo.

Coyamba, pangani gulu la anthu odziwana ndi okhulupirirana, amene agwira kale nchito pamodzi. Gulu lobadwa usiku cifukwa lamva kuti ndarama zabwera lifa m'mawa ndarama zikatha. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu khumi yokokerana kwina ndi kwina igwetsa denga lomwelo.

Caciwiri, konzani mapepala nthawi isanafike: satifiketi ya gulu, malamulo a gulu olembedwa, buku la misonkhano, maina a mamembala ndi manambala a mareji ao, ndi akaunti ya ku banki imene munthu mmodzi sangatapeko yekha. Mu 1961, m'nthawi ya Cha Cha Cha, anthu anatentha zitupa cifukwa zinali mapepala a ukapolo. Reji yobiriwira imene muli nayo lero ndi pepala la mwini dziko. Isungeni bwino, ndipo mai kapena mnyamata amene alibe athandizidwe kuitenga.

Cacitatu, sankhani cinthu cimodzi. Musalembe kuti tifuna nkhuku, mbuzi, cigayo ndi dimba pa K40,000 imodzi. Lembani cimodzi, ndipo pepala lanu liyankhe mafunso awa: Tidzacita ciani? Pa malo a yani, ndipo kalata ya a mfumu a mudzi iri kuti? Madzi adzacokera kuti? Zipangizo zigula zingati, ndipo mitengo yolembedwa ya ku sitolo iri kuti? Adzagula ndani, pa mtengo wotani? Phindu tidzaligawa bwanji, ndipo ndi zingati zidzabwerera m'nchito? Tiri pafupi ndi Lusaka, mtunda wa makilomita 45 pa mseu wa Great East, ndipo anthu a m'tauni adya tsiku liri lonse. Koma kunena cabe kuti tidzagulitsa ku Soweto si yankho. Pezani sukulu, malo odyera, kapena wogula mkaka amene angakulembereni kalata.

Cacinai, ganizani za madzi. Simunaiwale cirala ca nyengo ya 2023 ndi 2024. Pa 29 February 2024 President Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, pakuti mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga anapsa pa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa. Mwaonanso ndi maso anu mtsinje wa Chongwe ukuphwa m'zaka zouma. Fetereza wothiridwa m'munda wopanda mvula ndi ndarama yotayidwa. Cifukwa cace langizo langa ndi lakuti gulu lokhala ndi dambo kapena citsime liike patsogolo pampu ya dzuwa, thanki ndi mapaipi, kuti matimati, repu ndi cimanga caciwisi zituluke ngakhale m'cirimwe. Gulu la kumtunda liganize za mbuzi ndi nkhuku za m'mudzi, zimene zipirira cirala.

Cacisanu, yambani kusonkha zanu lero. Amai adziwa kale cilimba ndi banki ya m'mudzi. Gulu lokhala ndi buku loonetsa kuti lasonkha mwezi ndi mwezi kwa caka cathunthu lilankhula ndi mphamvu pamaso pa wopereka ali yense. Njerwa zoumba nokha, mcenga ndi thukuta lanu, zonsezi zilembeni, pakuti ndi gawo lanu.

Cacisanu ndi cimodzi, ndarama zikafika musagawane. K40,000 yogawidwa kwa anthu 10 ndi K4,000 munthu mmodzi, ndipo pofika Khrisimasi palibe cotsala. K40,000 yomweyo ikakhala pamodzi isanduka cinthu coimirira cimene mungacilozere ana anu. Risiti iri yonse imatidwe m'buku, ndipo msungicuma awerenge ndarama pamaso pa onse mwezi uli wonse.

CENJERANI NDI AFISI

Pamene pali fungo la nyama afisi sasowa. Mukalandira uthenga pa foni wakuti mwapambana thandizo la ulimi, tumizani ndarama yolembetsera, dziwani kuti ameneyo ndi mbala. Munthu akabwera ndi cikwama nanena kuti, ndipatseni mareji anu ndi ya cakumwa kuti maina anu alowe, mutengereni kwa a mfumu kapena ku polisi. Munthu wa m'tauni akafuna kubwereka dzina la kopaletivu yanu kuti atengere ndarama, kanani, pakuti tsiku lowerengera adzafunsa inu amene munasaina. Ndipo koposa zonse musagulitse munda kuti mupeze gawo lanu loikapo. Malo a Chongwe afunidwa ndi anthu a ndarama a ku Lusaka usana ndi usiku. Thandizo libwera ndi kupita, koma nthaka ikapita sibwerera.

MAU ATHU KWA BOMA NDI KHONSOLO

Kwa akulu a Boma tinena mwaulemu koma mosabisa. Ndarama za CDF si za cipani ciri conse, ndi za mtundu wonse. Munthu asafunsidwe khadi ya cipani popempha thandizo. Maina a magulu olandira, ndi ndarama zimene alandira, amatidwe pa Khonsolo, pa sukulu ndi pa cipatala ca wodi iri yonse. Gulu lokanidwa liuzidwe cifukwa cace m'kalata, kuti likonze ndi kubweranso. Ndarama za ulimi zituluke nthawi yace, pakuti mbeu yofika mu January ndi cipongwe kwa mlimi. Ndipo mafomu amasuliridwe m'Cinyanja ndi m'Cisoli, kuti mai wosadziwa Cingerezi asagule thandizo la kalaliki wa pa mseu.

NCHITO YA NTHAMBI

Caka ndi caka, pa mwambo wa Chakwela Makumbi, Mfumu Yaikulu ipempha mvula ndi kubzala mbeu yoyamba. Koma palibe Msoli amene ayembekeza mvula igwe kuti ayambe kufuna khasu. Munda ukonzedwa mitambo isanabwere. Momwemonso ndi ndarama.

Tsono nthambi iri yonse, isanathe miyezi itatu, itumize ku ofesi ya Cigawo maina a magulu a m'dera lace, ndi kunena kuti ndi ati ali ndi satifiketi, ndi ati ali ndi akaunti, ndi ati alibe. Aphunzitsi opuma ndi ana athu otsiriza sukulu athandize kulemba mapempho kwaulere. Pa msonkhano wa WDC uli wonse pakhale anthu athu, amai ndi abambo, okhala kutsogolo ndi kufunsa mafunso. Makolo anatitengera dziko. Ife tilidyetse.



Kwaca! Ngwee!